Chaka Chimene Tinatchetcha Chimanga cha ku Ngalande

Ndinagwira ntchito ku khonsolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo zambiri mwa zakazo zinasakanikirana m'mutu mwanga. Chimodzi chokha ndicho chimakana kusakanikirana ndi zinzake: chaka cha chilala, boma la zipani zambiri litangolowa kumene. Dzina langa ndine Lameki Mbewe. Nthawi imeneyo ndinali kapitawo wa amuna khumi ndi awiri amene ntchito yathu inali kutchetcha udzu m'mbali mwa misewu ndi kutsegula ngalande. Ndinkakhala mumzinda, ku dera la Chelstone, m'nyumba ya khonsolo, pamodzi ndi mkazi wanga amake Tisa ndi ana athu anayi.

Okutobala

Kuseri kwa mzere wa nyumba zathu kunali malo opanda nyumba, otsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukafika pa ngalande yaikulu imene inkanyamula madzi a mvula a dera lonse. Zaka zonse pankapezeka amayi awiri kapena atatu olimapo timinda ta mphepete, ndipo palibe amene ankawalabadira. Chaka chimenecho makasu anatuluka m'nyumba iliyonse. Makampani anali atayamba kuchotsa anthu ntchito, makuponi ogulira unga, ufa wa nsima, ankatha, ndipo mtengo wa thumba unkakwera usanamalize limene unagula. Ngakhale akazi a aphunzitsi ndi a makalaliki, amene kale ankadutsa pamalopo atagwira mphuno, anamanga zitenje n'kukagawana malo.

Amake Tisa anatenga kumunsi, pafupi ndi ngalande. Woyandikana nawo anali bana Mulenga, ndiko kuti amake Mulenga, mayi wamasiye wochokera ku migodi, amene ankagula tomato ku msika waukulu wa Soweto m'mawa n'kumagulitsa pamsika wathu. Anali ndi ana asanu, ndipo analibe wina wowathandiza.

Kumapeto kwa mwezi khansala watsopano anaitanitsa msonkhano m'kalasi ya pasukulu ya pulayimale. Anati nthawi yodikira boma kuti liganizire anthu chilichonse inatha, dera lililonse likhale ndi komiti yokonzekera ngozi za nyengo ya mvula. Chaka chapitacho kolera inali itapha anthu m'makomboni, choncho aliyense anamvetsera. A Sakala, woyang'anira zaumoyo amene anali bwana wanga, anawerenga malamulo. Limodzi linali lakuti pafupi ndi ngalande ndi njira zodutsa anthu pasabzalidwe chimanga, chifukwa chimabisa akuba, chimasunga udzudzu, ndipo mizere yake imagwetsera dothi m'ngalande. Anthu anawomba m'manja, ndi manja omwewo amene anali ndi matuza a khasu. Ine anandiika mu komiti popeza ndinkakhala momwemo ndipo ngalande zonse ndinkazidziwa.

Novembala ndi Disembala

Mvula inabwera bwino pakati pa Novembala, ndipo m'masiku atatu malo onse anali atabzalidwa. Ndinawakumbutsa amake Tisa za lamulo lija. Iwo anandifunsa ngati lamulolo limaphikika, kuti aliike pamoto ana akaweruka kusukulu. Loweruka lotsatira ndinapita kukawathandiza kupalira, chipewa nditachikokera kumaso.

Mu Disembala a Sakala anandiuza kuti ndilembe lipoti la zimene zinali pamalo aja. Ndinalemba kuti pali udzu ndi masamba a ndiwo. Anawerenga, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo kwa kanthawi, kenako anaika pepalalo mu dirowa. Pambuyo pake ndinamva kuti akazi awo nawonso anali ndi kamunda kuseri kwa dera la Kaunda Square.

Khirisimasi inatipeza chimanga chitafika m'mawondo, chakuda bii ndi kubiriwira. Tinkati chaka chino zinthu zikhala bwino.

Januwale

Mvula inasiya sabata yoyamba ya chaka. Poyamba tinkati ndi ng'amba ya masiku ochepa imene imabwera chaka chilichonse. Mitambo inkasonkhana masana cha kum'mawa, anthu n'kuchotsa zovala pa waya, koma pofika madzulo kumwamba kunali mbee. Sabata yachitatu chimanga cha kumtunda chinayamba kupota masamba ngati anyezi. Achibale ochokera kumudzi ankabwera ndi nkhani imodzimodzi, yakuti minda yapsa ndipo ng'ombe zikugwa.

Mphekesera zinachuluka kuposa chakudya. Ena ankati sitima za chimanga zili panyanja, ena ankati chimene chikubweracho n'chachikasu, cha nkhumba, ndipo chimatupitsa mimba. Pamsika anayamba kugulitsa unga m'timapaketi ta tsiku limodzi. Kwathu tinasiya kudya masana.

Kumtunda kwa msewu kunali mpope wa madzi wothyoka umene tinaulembera malipoti mpaka kutopa, ndipo madzi ake ankatsikira m'ngalande usana ndi usiku. Bana Mulenga ndiwo anayamba kudzaza dothi m'matumba akale a feteleza n'kutseka ngalandeyo kuti madzi aime. Ankatunga ndi ndowa n'kumathirira phando ndi phando. Pasanathe masiku khumi panali timadamu totere tisanu ndi kamodzi, ndipo amake Tisa anali ndi kawo.

Kuchotsa zotsekera m'ngalande ndiyo inali ntchito imene ndinkalandirira malipiro. Ndinapita kukalankhula ndi bana Mulenga, ndinawapeza ali m'madzi ofika m'akakolo. Ndinawafotokozera kuti madzi oima ndi oopsa, ndiponso kuti mvula yamphamvu ikadzagwa ngalande ili yotseka, madzi adzalowa m'nyumba za kumunsi.

Anaweramuka, ndowa ili m'manja. "Ba Mbewe, manzi aya yangoyenda chabe. Nabela ndani? Mvula ikabwela nizachosa neka masaka."

Ndinabwerera. Gulu langa ndinalitengera ku ngalande za mbali ina ya msewu waukulu, ndipo tinakhalako mwezi wathunthu.

Febuluwale

Pofika mu Febuluwale dera lonse linali lofiira, kupatula mzere umodzi wobiriwira wotsata ngalande. Chimanga cha pamenepo chinapitirira mutu wa munthu n'kumasula ngayaye. Anthu ankatsika minibasi kudzangochiona. Amayi anayamba kulondera mosinthana, chifukwa aliyense ankadziwa kuti dowe akangokhwima manja adzachuluka.

Pakati pa mindayo pankadutsa kanjira kachidule kopita pa siteji ya mabasi. Tsiku lina Lachinayi, dzuwa likadali pamwamba, namwino wina wa pakiliniki, mwana wa a Daka a pamzere wachitatu, ankabwerera kunyumba kudzera m'kanjirako. Amuna awiri anatuluka m'chimanga, anamukokera mkati, anamulanda chikwama ndi nsapato, ndipo pamene anakuwa anamucheka ndi mpeni patsaya ndi pamkono. Amayi olondera anali chapafupi, koma sanaone kanthu mpaka mtsikanayo anatulukira yekha akukwawa.

Sabata yomweyo ana awiri a m'nyumba za kumunsi anatengeredwa ku tenti ya odwala kolera. Mmodzi, kamtsikana ka zaka zinayi, sanabwereko. Palibe amene anatsimikiza kuti matendawo anachokera m'ngalande, koma tonse tinkadziwa kuti ana ankasewera m'timadamu tija.

Msonkhano wa komiti unadzaza mpaka anthu ena anaima pamawindo. A Daka anaimirira atanyamula yunifolomu ya mwana wawo ili ndi magazi ouma. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti lamulo limene linawerengedwa mu Okutobala linapita kuti, ndiponso kuti munthu wa khonsolo amene ali mu komiti ntchito yake n'chiyani. Maso onse anabwera kwa ine. Mbali ina ya kalasi kunali amayi a minda, amake Tisa ali pakati pawo, nawonso akundiyang'ana.

Ndinapempha kulankhula. Ndinati chimangacho chatsala ndi masabata asanu ndi limodzi kuti chidyeke. Titchetche mayadi khumi mbali zonse za kanjira kuti munthu aziona patali, tichotse matumba onse m'ngalande, amayi azitunga pampope pomwe pakuchucha, ndipo amuna a m'dera aziyendera malowo awiriawiri mpaka kukolola. Panali phokoso, koma pamapeto ambiri anavomera. A Sakala analemba kalata yopempha kuti tiloledwe kutero, khansala anasaina, ndipo inapita ku tauni, chifukwa komiti yathu inali ndi mphamvu yokambirana koma yosintha lamulo inalibe.

Kanjira tinatchetcha mawa lake, ndipo matumba tinachotsa. Patapita masiku anayi chimanga cha kutali ndi mpope chinayamba kufota, matumba ena n'kubwereramo. Sindinafunse kuti anabwezeramo ndani.

Kawiri konse ndinakwera basi kupita ku tauni kukafunsa za kalatayo. Ulendo woyamba anandiuza kuti ili patebulo la munthu amene wapita ku msonkhano wa za chilala. Ulendo wachiwiri ndinakhala pabenchi la m'khonde kuyambira m'mawa mpaka nthawi yoweruka, ndipo mlembi anandiuza mwaulemu kuti madera onse a mzinda atumiza makalata otero, sangalole amodzi n'kukaniza ena.

Malichi

Lolemba la sabata yachiwiri a Sakala anandiitanira mu ofesi yawo n'kutseka chitseko. Anati lamulo labwera lakuti chimanga chonse cha m'mbali mwa ngalande ndi misewu chitchetchedwe, ndipo kwathu lole ibwera Lachitatu. Ndinawakumbutsa kuti chatsala ndi masabata atatu okha. Iwo anati akudziwa, koma kolera yakwera m'makomboni ndipo akuluakulu safuna kumva kuti panali dera limene linachenjezedwa n'kusiyidwa.

Ndinapempha kuti atumize kapitawo wina.

"Ningatume gulu la ku Kabwata," anatero a Sakala. "Koma aja sadziwa munthu aliyense kwanu, ndipo azabwela na apolisi ambili. Mai wina akaponya mwala, muziba zimene zizachitika. Komanso a Mbewe, ganizilani nyumba imene mukhalamo ni ya ndani."

Ndinatuluka mu ofesimo. Kukana kunali kutaya ntchito ndi nyumba pamodzi, m'chaka chimene anthu ophunzira kuposa ine ankagulitsa makala pamsewu. A Sakala anali atandiuzanso kuti ndisauze munthu tsikulo, kuti anthu asasonkhane.

Ndinasunga chinsinsicho tsiku limodzi. Lachiwiri masana ndinabwerera kunyumba n'kuwauza amake Tisa. Ankachapa panja. Anamaliza kufinya malaya amene anali m'manja, anawayanika bwinobwino, kenako anatenga beseni n'kupita kumunda. Anabwerako ndi zisononkho zokwana theka la beseni. Titasenda tinapeza timaso toyera tongotuluka madzi ukatsina. Anandifunsa ngati ineyo ndidzakhalapo mawa, ndinati inde. Anati ndiye apita kukawauza bana Mulenga, chifukwa sangagone akudziwa okha.

Lachitatu lole inafika cha m'ma eyiti, ili ndi amuna a gulu langa ndi apolisi awiri. Amayi anali ataima kale m'mphepete mwa minda yawo, aliyense pamalo pake, ena atabereka ana. Panalibe mwala m'manja mwa munthu, panalibenso wotukwana. Ndikanakonda akanatukwana. Amuna anga anakana kutsika. Anangokhala m'lole zikwakwa zili pakati pa miyendo, akundiyang'ana, chifukwa nawonso akazi awo anali ndi timinda kwinakwake.

Ndinatenga chikwakwa changa n'kuyenda ndekha mpaka pamunda wa amake Tisa. Iwo anapatuka pang'ono kundipatsa njira. Phesi la chimanga chothiriridwa ndi lofewa, siligwira chikwakwa ngati udzu, limangogwa. Nditamaliza mzere woyamba ndinamva amuna anga akutsika mmodzimmodzi.

Titafika pa malire a bana Mulenga, iwo anaima kutsogolo kwanga. Wapolisi mmodzi anayamba kuyandikira, ndinamukwezera dzanja kuti aime.

"Nipaseni chikwakwa, ba Mbewe," anatero bana Mulenga. "Nabyala neka, nizatema neka."

Ndinawapatsa changa. Anatchetcha munda wonse okha, mzere ndi mzere, osapumula, ife titaima. Atamaliza anandibwezera chikwakwacho chogwirira chili kutsogolo, monga amachitira munthu wobwereka chinthu cha mnzake, n'kupita kwawo osatolako ngakhale chisononkho chimodzi.

Pakati pa minda, pamene chimanga chinali chothithikana kwambiri, tinapeza malo opondedwapondedwa. Panali makatoni ogonapo, zikwama zitatu za amayi zong'ambidwa, ndi nsapato imodzi yoyera ya namwino. A Sakala, amene anabwera pambuyo pathu, anaitana anthu kuti aone, ndipo anaona. A Daka anatola nsapatoyo n'kupita nayo kwawo.

Patapita masiku khumi mvula inagwa masana amodzi, yamphamvu kuposa ina iliyonse ya chaka chimenecho. Ndinaima pakhonde n'kumaona ngalande itadzaza mpaka m'milomo, madzi akuthamanga osapeza chowatsekereza, popeza matumba onse tinawachotsa tsiku lotchetcha lija. M'nyumba za kumunsi simunalowe ngakhale dontho, pamene kumadera ena tinamva kuti makoma anagwa. Pambuyo pake a Sakala anandiuza kuti tsopano ndadzionera ndekha chifukwa cha lamulo lija. Amake Tisa, ataima pambali panga, anati mvula imeneyi ikanakhwimitsa chimanga chija. Onse awiri ankanena zoona, ndipo mpaka lero sindinapeze poika zoona ziwirizo kuti zikhale pamodzi.

Epulo ndi Meyi

Miyezi yokolola inafika popanda chokolola. Chimanga chachikasu chinabweradi, ndipo amene ankalumbira kuti sadzachilawa anali oyamba pamzere. Unga wake unkanunkha ngati thumba lakale, koma mimba sizinatupe. Tinkadya kamodzi, madzulo dzuwa lisanalowe, ndipo ana anaphunzira kusafunsa za m'mawa.

Pamzere wathu moni anachepa. Amuna ankandipatsa moni wa pakamwa pokha akuyenda, amayi ankayang'ana kumbali. Tisa anabwera kuchokera kusukulu akulira kuti anzake akumutcha mwana wa chikwakwa. Amake Tisa anasiya kupita ku gulu la amayi a kutchalitchi. Sanandinene ngakhale tsiku limodzi, koma kwa miyezi iwiri ankandiyankha zimene ndafunsa zokha. Bana Mulenga anasiya kugulitsa tomato chifukwa ogula anatha, ndipo ana awo awiri aakulu anawatumiza kwa mlongo wawo ku Luapula.

Pakati pa Meyi khansala anabwera ndi nkhani yakuti kwapezeka thandizo. Amayi a m'mabanja ovutika azigwira ntchito yokumba ndi kukulitsa ngalande kukonzekera mvula yotsatira, ndipo azilandira unga wachikasu, nyemba ndi mafuta ophikira. Komiti yathu ndiyo inauzidwa kusankha mayina. Malo anali makumi atatu, ofuna anapitirira zana. Tinakhala m'kalasi muja masiku awiri tikukangana kuti wovutika kwambiri ndani, anthu ataima panja padzuwa. Dzina la amake Tisa silinaloledwe chifukwa mwamuna wawo anali pantchito. La bana Mulenga ndinalitchula ndine, ndipo palibe anatsutsa.

Atafunsa kuti adzayang'anira ntchitoyo ndani, a Sakala anati palibe wodziwa ngalande kuposa a Mbewe.

Juni

Choncho m'mawa uliwonse wa mwezi wozizira uja ndinkaima pamwamba pa ngalande yomweyo, pepala la mayina lili m'manja, kuitana amayi amene ndinawatchetchera minda. Mapesi anali akadali pansi, atauma n'kuyera. Amayi ankawatola poweruka kukakolezera moto. Ankagwira ntchito mwamphamvu, ndipo ngalandeyo inakula n'kuwongoka kuposa mmene gulu langa linaikonzerapo. Bana Mulenga ankayankha dzina lawo likaitanidwa, n'kutsika ndi fosholo yawo. Kupitirira apo sitinkalankhulana.

Tsiku lina kumapeto kwa mwezi, pa nthawi yopuma, anakwera kuchokera m'ngalande n'kubwera pamene ndinakhala. Anali ataonda kwambiri, chitenje atachizunguliza kawiri. Anaima n'kumayang'ana malo otsetsereka aja, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi.

"Ba Mbewe, chaka chino muzabwela mwezi uti? Niuzeni, nizibe vobyala."

Sanafunse mwachipongwe. Ankafunadi kudziwa. Ndinaganiza zowauza kuti abzale kandolo, ndiko kuti mbatata, kapena nyemba, zinthu zosabisa munthu, koma ndinkadziwa kuti ana asanu sangakule ndi masamba a kandolo. Ndinawauza zoona, kuti sindikudziwa, ndipo amene amandituma nawonso sadziwa mpaka tsiku limene papezeka lole ndi mafuta ake. Chaka china sabwera n'komwe.

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Ndiye tizabyala chabe milisi," anatero, kutanthauza chimanga, n'kutsikiranso m'ngalande.

Mu Novembala anabzaladi, ndipo theka la mzere wathu linabzala nawo. Amake Tisa anabzalanso pamalo awo akale. Mbewu yake ndinakagula ndine ku Soweto, Loweruka, nditavala ovolosi ya khonsolo.